Kodi anafa ndi madzi?

Funso limeneli anandifunsa ndi mtsikana wina, wamng'ono kwa ine, atakhala pa tebulo pansi pa tenti, cholembera chili m'manja. Sanafunse mwachipongwe ayi. Anafunsa momwe munthu amafunsira chaka chobadwa, chifukwa pa pepala lake panali kabokosi kofunika kuchonga. Ine ndinangoti kukamwa yasa, mawu osatuluka. Zaka zapitapo, koma mvula ikamagunda padenga usiku ndimapezeka ndikumuyankhabe mtsikana uja chamumtima.

Munthu amene ankamunenayo ndi amayi anga. Anamwalira patatha masiku 37 namondwe atadutsa, ali pa bedi louma, m'chipatala chomwe madzi sanafikeko n'komwe.

## Usiku umene zonse zinayenda bwino

Ndiyambe ndi kunena zoona, poti ena akangoona nkhani ya ngozi amati wolembayo wabwera kudzatukwana boma. Chenjezo linabwera, ndipo linabwera nthawi yabwino. Wailesi inalengeza kutatsala masiku atatu. Pa foni panalowa uthenga kawiri: mvula yamphamvu ikubwera, amene muli m'malo otsika samukirani kumtunda. Madzulo a tsiku lomaliza anyamata anadutsa ndi chimkuzamawu akunena zomwezo.

Amayi sankafuna kuchoka. Osati chifukwa chosakhulupirira. Vuto linali makina awo osokera, chitsulo cholemera chopalasa ndi mapazi, chomwe chinatilera tonse n'kutiphunzitsa sukulu. Kuwasenza usiku pamatope kunali kosatheka.

"Amayi, makina tidzagula ena. Nanga inu tikakugulani kuti?" anatero mchemwali wanga.

"Iwe, makina amathyola mumtengo?" Anayankha choncho, koma manja ali kale pa kampukutu ka zovala.

Makinawo tinawakweza pa tebulo, ngati kuti madzi amaopa tebulo, n'kunyamuka kupita kusukulu ya pachitunda. Madzi anafika pakati pa usiku. Nyumba yathu anaimiza mpaka m'mawindo, khoma lakumbuyo n'kugwa. Kutacha tinawerengana, tonse tilipo. Amayi anagwada pa simenti ya m'kalasi muja n'kuthokoza Mulungu mokweza, anthu ena n'kumavomera. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Ife tinalindadi. Madzi anapita. Tinati tadala.

M'mabuku a boma, banja lathu ndi umboni woti ndondomeko inagwira ntchito: anachenjezedwa, anasamuka, anapulumuka.

## Masiku 37

Amayi anakhala ndi matenda a shuga zaka 11. Ankadzibaya insulin m'mawa ndi madzulo, ndipo anali munthu wosamala moti tsiku lopita kuchipatala ankalilemba pakhoma ndi choko. Pothawa anatenga kabotolo komwe anali atatsegula kale, kokwanira sabata imodzi ndi theka. Kabuku kawo ka kuchipatala kanatsala m'dirowa. Titabwerera tinakapeza katasungunuka, osawerengeka ngakhale chilembo chimodzi.

Mlatho wopita kuchipatala chachikulu unakokoloka. Kachipatala ka tsidya lathu kanapulumuka, koma mapolo a magetsi anagwa, furiji inazima, ndipo zomwe zinali m'katimo zinatha ntchito. Insulin safuna kutentha. Akatenthedwa amafooka, ndipo nthawi zambiri diso silingaone kuti wafooka.

Ndiye pali nkhani ya kudya. Wodwala shuga amene akubaya jakisoni amafunika kudya pa nthawi yake. Akabaya osadya, shuga amatsika mpaka munthu kukomoka. Akadya osabaya, amakwera. Koma pamsasa chakudya chimabwera pomwe galimoto yafika, osati pomwe thupi lafuna. Amayi anayamba kuchepetsa mlingo wa jakisoni kuti kabotolo kafike patali. Sanatiuze. Ndinazindikira nditaona kuti akumwa madzi osakhutira, ndipo usiku akudzuka pafupipafupi kupita panja.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anatizemba n'kupita kukafukula makina awo. Anaponda lata lomwe linakwiririka m'matope. Kabala kake kanali kakang'ono, ndipo sanamve kupweteka kwenikweni, poti shuga akakhalitsa amachititsa dzanzi kumapazi. Anakatsuka, n'kumangapo kansalu. Kwa munthu wina aliyense nkhani ikanathera pomwepo. Koma magazi odzaza shuga sapoletsa bala, amangodyetsa tizilombo.

Azaumoyo ankabwera pamsasa, ndipo ankagwira ntchito mpaka miyendo kukana. Ankabweretsa mankhwala othira m'madzi akumwa, maneti, ndi timapaketi ta otsekula m'mimba. Maso awo onse anali pa kolera, ndipo sindiwada nazo. Aliyense wa ntchito imeneyi amakumbukira za ku Beira, ku Mozambique, mu 2019, pomwe namondwe Idai atadutsa anthu oposa 6,000 a mumzindawo ndi madera ozungulira anadwala kolera pasanathe miyezi itatu. Malungo nawo sachedwa. Ku Pakistan madzi atasefukira mu 2022, odwala malungo anachoka pa 500,000 a chaka chapitacho n'kufika 2.6 miliyoni. Matenda amenewa amagwira anthu ambiri nthawi imodzi, amaoneka, amalowa m'nyuzipepala. Koma pa masabata atatu omwe tinagona m'kalasi muja, palibe amene anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Muno alipo amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku?" Akanafunsa, manja akanakwera ambiri. Munali bambo wina wa BP, amayi awiri a ma ARV omwe ankangonong'onezana okhaokha, ndi mnyamata wakhunyu amene anagwa kawiri ife tikuona.

Ine ndinawafunsa azaumoyo aja za insulin. Anati ameneyo amapezeka tsidya lija basi, n'kulemba dzina la amayi pa kapepala. Kapepalako sikanabwererenso.

Amayi tinawawolotsa pa bwato tsiku la 24, mtsinje utatsika. Dokotala atamasula nsalu ija anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandiitanira pakhonde. Phazi linali litada, ndipo tizilombo tinali titalowa kale m'magazi. Anayesetsa ndithu. Pa chikalata cha imfa analemba kuti matenda a shuga. Sananame.

## Pa tebulo paja

Patapita masabata awiri tinamva kuti kukubwera kalembera wa anthu okhudzidwa. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa. Nditafika kutsogolo, mtsikana uja anayamba mafunso ake mwaulemu. Nyumba inagwa yonse kapena mbali imodzi? Munda unakokoloka? Ziweto zingati? Ine ndinkayankha, iye n'kumachonga.

"Pabanja panu alipo amene anamwalira?"

"Eya. Amayi anga."

Anaika cholembera pansi. "Pepani kwambiri, achimwene. Pepani." Anadikira pang'ono, kenako anachitolanso. "Anatengedwa ndi madzi, kapena khoma linawagwera?"

"Ayi. Anamwalirira kuchipatala."

"Anavulala usiku wa madziwo?"

"Ayi, patapita masiku. Anali ndi shuga, ndiye mankhwala..."

"Ndiye tinene kuti anafa ndi madzi, kapena ndi matenda?"

Apa ndi pomwe ndinasowa mawu. Ndikanati madzi, likanakhala bodza, poti madzi sanawakhudze kupyola m'akakolo. Ndikanati matenda, likanakhala bodza lalikulu kuposa loyambalo, poti matendawo anakhala nawo zaka 11 akusoka, akuseka, akutikalipira. Chinawapha ndi mlatho. Chinawapha ndi furiji yozima, lata la m'matope, kabotolo koperewera. Madzi anangobweretsa zonsezi n'kuchokapo, ntchito n'kusiyira anyamata awo.

Ndinayamba kukweza mawu, mpaka pamzere ponse panati zii. Mtsikanayo sanandibwezere. Anangotembenuza pepala lija kuti ndidzionere ndekha. Panali timabokosi titatu: womira, wogweredwa, wosowa. Basi.

"Ndilibe polemba, achimwene," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Agogo anga anatisiya mwezi womwe uno. Anali a BP, mankhwala anawathera. Nawonso sindinawalembe."

Mkwiyo wanga unasowa potera. Ndinabwera kudzalimbana ndi boma, koma boma lomwe ndinalipeza pa tebulopo linali namfedwa mnzanga atagwira pepala loperewera. Analemba nyumba, analemba khoma. Makina osokera anawaika pa "katundu wina". Amayi sanalembedwe paliponse.

Kuyambira tsiku limenelo, wailesi ikalengeza kuti ngozi yakutiyakuti yapha anthu mwakutimwakuti, ndimamva ngati munthu wayamba kuwerenga n'kusiyira panjira.

## 64 ndi 2,975

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti limeneli ndi vuto la maboma osauka, osowa makompyuta. Kenako ndinamva za Puerto Rico, chilumba chomwe chili pansi pa ulamuliro wa America. Namondwe Maria anakantha chilumbachi mu September 2017. Boma linati omwalira ndi 64, ndipo linakakamira chiwerengerochi miyezi yambiri. Koma anthu ankadziwa maliro omwe ankaika. M'madera ena magetsi anatenga pafupifupi chaka kuti abwerere. Odwala impso anasowa kotsukitsa magazi, odalira makina opumira anasowa powalumikiza, odwala shuga anasowa posunga insulin. Mu June 2018 anthu anayamba kusanja nsapato za abale awo omwalira kutsogolo kwa nyumba ya malamulo ku San Juan, likulu la chilumbachi, mpaka bwalo linadzaza. Akatswiri a ku yunivesite ya George Washington ku America atafananitsa imfa za miyezi isanu ndi umodzi yotsatira namondweyo ndi imfa za nyengo yabwinobwino, anapeza kuti pali anthu 2,975 oonjezera. Mu August 2018 boma linavomera.

Kawerengedwe kameneka si kamatsenga. Umaona kuti m'dera mumamwalira anthu angati pa miyezi ngati imeneyo chaka chilichonse, kenako n'kuona kuti chaka cha ngozi apitirira ndi angati. Opitirirawo ndiwo amayi anga, ndi agogo a mtsikana uja. Mu 2024 ofufuza awiri, Rachel Young ndi Solomon Hsiang, anachita zimenezi ndi anamondwe 501 omwe anagunda America pakati pa 1930 ndi 2015. M'mabuku a boma, tikagawa mofanana, namondwe mmodzi amapha anthu 24. Iwo anapeza kuti m'zaka 15 zotsatira, namondwe mmodzi yemweyo amakhala atafulumizitsa imfa za anthu pakati pa 7,000 ndi 11,000. Nditawerenga ndinabwerezanso, kuganiza kuti maso anga aonjezera maziro.

Kutentha ndiye kumabisala kuposa madzi. Sikugwetsa khoma, sikusiya matope oti atolankhani ajambule. Mu 2003 kunapha anthu oposa 70,000 ku Ulaya, pafupifupi 15,000 mwa iwo ku France kokha, ndipo ambiri anali okalamba. Munthu wofa ndi kutentha kawirikawiri pa chikalata chake pamalembedwa mtima, impso kapena mapapo. Nawonso madokotala ake sanama.

Dziko lomwe ndinapeza kuti lili ndi kabokosi kachinayi ndi Japan. Kumeneko munthu akafa ndi mavuto otsatira ngozi, kaya pamsasa kaya posowa chithandizo, komiti imaunika n'kulemba kuti imfayo ndi yokhudzana ndi ngoziyo, ndipo banja limalandira chipepeso cha boma. Pa chivomerezi cha ku Kumamoto mu 2016, ophedwa pompopompo anali 50, koma olembedwa m'kabokosi kameneka anapitirira 200. N'chivomerezi osati mvula, inde, koma pepala lake ndi lomwe ndinkalifuna pa tebulo paja.

## Makina aja

Makinawo tinawafukula ndithu. Anakhala miyezi pakona, dzimbiri lokhalokha.

Owerengera chuma amayamba ndi zinthu zikuluzikulu: misewu, milatho, nyumba, mapolo. Ziwerengero zake n'zoopsadi. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linati kuyambira 1970 mpaka 2021 ngozi za nyengo ndi madzi zinawononga chuma chokwana madola 4.3 thiriliyoni, n'kupha anthu oposa 2 miliyoni, asanu ndi anayi mwa khumi alionse m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Kachilumba ka Dominica, usiku umodzi wokha wa Maria yemwe uja, kanataya zinthu zoposa kawiri chuma chonse chomwe kamapanga pa chaka.

Koma kawerengedwe kameneka kali ndi diso limodzi. Nyumba ya munthu wolemera ikasweka magalasi, mtengo wake ungapose makina a amayi anga kakhumi. Pa pepala iyeyo ndiye wataya zambiri. Chonsecho mawa lake aitana wokonza, mwinanso inshulansi n'kulipira. Kwa ife makina aja ndiwo anali banki, sukulu ndi chipatala. Atangoima, ndalama inasiya kulowa tsiku lomwelo, pomwe zotuluka zinachuluka: bwato, chipatala, maliro, khoma. Ndipo ngakhale akanapanda kuima, osoketsa akanachokera kuti? Makasitomala onse a amayi tinali nawo pamsasa pomwepo, ndipo munthu amene denga lamuchokera saganiza za diresi latsopano. Ngozi ikagwera munthu mmodzi, anansi amamudzutsa. Ikagwera dera lonse, amene ukanamubwereka ndalama nayenso akusaka womubwereka. Wotsala ndi wakatapila yekha.

Kwa iyeyo ndi komwe mchemwali wanga anapita. Ngongole yomwe anatenga kuti tidzutse khoma anaibweza zaka ziwiri, ndipo anabweza kuposa kawiri. Mwana wake wamkulu anaphonya chaka cha sukulu, poyamba chifukwa makalasi anali msasa wathu womwe uja, kenako chifukwa chosowa zolipira. Atabwerera anapezeka wamtali kuposa anzake onse m'kalasi, manyazi n'kumugwira. Anasiya. Zimenezi palibe lipoti lomwe linaziikira mtengo. Banki ya World Bank inayesako: mu 2016 inati ngozi zachilengedwe zimagwetsera anthu 26 miliyoni mu umphawi chaka chilichonse. Chiwerengero chimenecho ndimachikhulupirira, chifukwa anayi mwa anthuwo ndimadya nawo limodzi.

Boma nalo limachita zomwe anachita mchemwali wanga, kungoti pa mlingo waukulu. Limachotsa ndalama za mankhwala ndi za sukulu kuti limange mlatho, kapena limakongola, ndiye zaka zotsatira limakhala likubweza ngongole m'malo mogula insulin. Ndikaganiza zimenezi ndi pomwe ndimamvetsa zaka 15 za ofufuza aja.

## Kukonzekera kumathera pakhomo la msasa

Sindikufuna kupeputsa machenjezo. Pakanapanda uthenga uja pa foni, bwenzi nkhaniyi ilibe woilemba. Ndipo pali maiko omwe aonetsa kuti zimatheka. Mu November 1970 namondwe anapha anthu osachepera 300,000 m'dera lomwe lero ndi Bangladesh. Mu 1991 wina anapha pafupifupi 138,000. Dzikolo, lomwe si lolemera, linamanga nyumba zazitali zothawiramo masauzande, zambiri mwa izo zimakhala sukulu masiku wamba. Linaphunzitsa anthu ongodzipereka oposa 70,000 oyenda khomo ndi khomo ndi zimkuzamawu, theka la iwo amayi. Anaganizira ngakhale ziweto, n'kuunjika zitunda zadothi zoti ng'ombe zizikwerapo, atazindikira kuti munthu savomera msanga kusiya chuma chake kuti apulumutse khungu lokha. Amayi anga akanawamvetsa bwino anthu amenewo. Namondwe Amphan atabwera mu 2020, anasamutsa anthu oposa 2 miliyoni, ndipo omwalira m'dzikolo sanakwane 50. Ku Odisha, ku India, namondwe wa 1999 anapha anthu pafupifupi 10,000. Namondwe Phailin atabwera mu 2013 anasamutsa pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo nako omwalira sanakwane 50.

Pomwe chenjezo lachedwa, zotsatira zake timaziona. Ku Valencia, ku Spain, pa 29 October 2024, akatswiri a zanyengo anachenjeza m'mawa, koma uthenga wa pa foni unatumizidwa itadutsa 8 koloko usiku, ena ali kale m'madzi m'magalimoto mwawo. Anafa oposa 220. N'chifukwa chake bungwe la United Nations likufuna kuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko azilandira chenjezo nthawi yabwino. Ine ndikuwomba nawo m'manja.

Koma taonani chomwe tikuwomberacho m'manja: kuchepa kwa chiwerengero cha usiku woyamba. Boma lililonse limakonzekera mayeso omwe likudziwa kuti lichongedwa nawo. Ngati pepala lili ndi womira, wogweredwa ndi wosowa, ndalama zipita ku mabwato, zimkuzamawu ndi matenti, ndipo nduna idzaima pa kanema kunena kuti tapulumutsa anthu, osanama. Mwezi wachiwiri ndiwo ulibe mwini. A zangozi amati madzi aphwa, ntchito yathu yatha. A zaumoyo amati ife tilibe bajeti ya namondwe. A zamisewu akudikira opereka thandizo.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti zomwe zikanawapulumutsa amayi si zodula. Chenjezo linabwera kutatsala masiku atatu. Masiku atatu amakwana kuti chipatala chitsegule kaundula yemwe chili naye kale, n'kuitana aliyense wa shuga, wa BP, wa ma ARV, wa TB, wakhunyu, kuti adzatengeretu mankhwala a miyezi iwiri. Amayi oyembekezera omwe masiku awo ayandikira n'kuwawolotseratu mlatho ukadalipo. Furiji yoyendera dzuwa siopa polo wakugwa. Dziko la France litachita manyazi mu 2003 linachita chinthu chonga chimenechi. Chaka chotsatira linakhazikitsa ndondomeko ya nyengo yotentha, ndipo makhonsolo amasunga kaundula wa okalamba ndi olumala oti aziimbiridwa foni kutentha kukafika poipa. Mzinda wa Ahmedabad ku India, utataya anthu oposa 1,300 pa kutentha kwa mu May 2010, unayamba ndondomeko yake mu 2013. Zambiri mwa zimenezi ndi m'ndandanda wa mayina chabe, ndi munthu wolembedwa ntchito youtsegula.

Ngakhale ndalama zimatha kufika madzi asanafike. Mu July 2020, ku Bangladesh komweko, mabanja oposa 20,000 a m'mbali mwa mtsinje wa Jamuna analandira ndalama pa foni akatswiri atangoona kuti madzi akukwera, osadikira kuti nyumba zimire kaye. Ndikamva zimenezi ndimangoona ngolo. Kandalama kolipira ngolo madzulo aja, makina akanakwera nafe kuchitunda. Amayi sakanapita kukafukula kanthu m'matope.

Ndimadziimbanso mlandu ndekha, musaganize kuti ayi. Ndinakumbukira tochi ndi chaja ya foni, kabuku ka kuchipatala ndinakasiya. Kabotolo ndinakaona, masiku sindinawerenge. Koma ndinali munthu mmodzi wamantha, kunja kukuda, mvula ili pamutu. Boma limakhala ndi miyezi yonse ya dzuwa yoti liganizire zimenezi modekha, ndipo msonkho timaperekera ntchito imeneyo.

## Foni ya amayi

Makina aja anadzakonzeka. Amadumpha ulusi pa nsalu yokhuthala, koma mchemwali wanga akusokera. Anatenganso foni ya amayi ndi nambala yake yomwe, kuti makasitomala akale asasochere. Ena amaimbabe kufunsa amayi, iye n'kufotokoza.

Chaka chatha, mvula itayandikira, ndinapita kukamuona. Tili pakhonde foni ija inalira. Anaiyang'ana, n'kundipatsa osanena kanthu. Unali uthenga wa chenjezo, mawu omwe aja: mvula yamphamvu ikubwera, amene muli m'malo otsika samukirani kumtunda. Nambalayo ikadali m'dzina la amayi. Pa m'ndandanda umenewo ndiye alipo.

Mchemwali anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinamumva akutsegula dirowa. Nayenso anamupeza ndi shuga chaka chapitacho. Anatuluka ndi kabuku kake ka kuchipatala atakakulunga kawiri m'pepala la pulasitiki, n'kundifunsa ngati ndikudziwa munthu wa ngolo.